Studebaker: kampani yomwe inayambira pa ngolo, n'kudzagwa itakwanitsa zaka 114

Nkhani za makampani opanga magalimoto zikuzunguza mitu masiku ano. Tikumva kuti magalimoto oyendera batire ndiwo atenge malo, kuti makampani a ku China monga BYD akupanikiza akuluakulu akale, ndiponso kuti mu 2024 ngakhale Volkswagen inkakamba zotseka ena mwa mafakitale ake kwawo ku Germany. Ambiri akufunsa kuti zimatheka bwanji kampani yodziwika dziko lonse, yopanga katundu wabwino, kufika pogwa. Kodi imagwa chifukwa chokana luso latsopano, kapena pali china?

Mbiri ya kampani ina ya ku America, ya Studebaker, imathandiza kumvetsa mafunso amenewa, chifukwa inadutsa m'zonsezi kalekale. Inapanga ngolo zokokedwa ndi mahatchi, inapanga magalimoto a batire mu 1902, inalowa m'manja mwa khoti mu 1933 n'kutulukamo, kenaka inatseka fakitale yake yaikulu mu 1963, anthu zikwizikwi n'kutsala opanda penshoni yomwe analonjezedwa. Gawo lililonse la mbiriyi lili ndi mfundo yake yofunika kuimasula bwino.

Osula zitsulo a ku South Bend

Banja la Studebaker linachokera ku Germany. Bambo wa m'banjamo, John Clement Studebaker, anali wosula zitsulo komanso wokhoma ngolo, ndipo anaphunzitsa ntchitoyi ana ake aamuna asanu: Henry, Clement, John Mohler, Peter ndi Jacob. Mu February 1852, Henry ndi Clement anatsegula chipala chawo m'tauni ya South Bend, m'chigawo cha Indiana, ali ndi mpamba wa madola 68. Ankaveka mahatchi zitsulo za kumapazi, kukonza zipangizo za alimi, ndi kukhoma ngolo akapeza woifuna.

Mpamba weniweni unabwera ndi mng'ono wawo John Mohler. Iye anapita ku California mu 1853, nthawi yomwe anthu ankakhamukira kumeneko kukasaka golide. Atafika ku tauni yomwe lero imatchedwa Placerville, sanalimbane ndi zokumba. Anayamba kupanga mawilibala n'kumagulitsa kwa okumbawo. Anabwerera kwawo mu 1858 ali ndi madola 8,000, n'kugula gawo la mkulu wake Henry. Henry anali wa mpingo wa German Baptist Brethren, womwe sugwirizana ndi nkhondo, ndipo mtima wake sunkakhazikika poona kuti ngolo zina zikupita kwa asilikali. Anatuluka mu bizinesiyo n'kukalima.

Nkhondo yomweyo ndi yomwe inakuza kampaniyo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, boma la kumpoto linkagula ngolo zambiri kwa abalewa. Nkhondo itatha, mabanja ankasamukira kumadzulo kwa dzikolo kukatsegula minda, ndipo banja lililonse linkafuna ngolo. Mu 1868 kampaniyo inalembetsedwa ndi dzina loti Studebaker Brothers Manufacturing Company, ndipo zaka za m'ma 1800 zisanathe inali m'gulu la opanga ngolo aakulu kwambiri pa dziko lonse.

Kukhoma ngolo yabwino si ntchito yamasewera, ndipo luso lake limaonekera pa gudumu. Matabwa ankayamba aumitsidwa kwa zaka, chifukwa thabwa laliwisi likauma lili kale pa gudumu, zolumikiza zimakhwepa. Akalumikiza gudumu lonse, wosula ankatenga mkombero wachitsulo wocheperako pang'ono kusiyana ndi gudumulo n'kuuika pamoto. Chitsulo chikatentha chimafutukuka. Anthu angapo ankaunyamula ndi mbaniro, kuuveka pa gudumu matabwa akufuka utsi, n'kuthira madzi msangamsanga. Chitsulo chikamazizira chimakhwinyata, n'kufinya matabwa onse pamodzi popanda msomali. Ntchito ngati iyi, yobwerezedwa kambirimbiri tsiku lililonse, inaphunzitsa kampaniyo kugawa ntchito m'magawo, kusunga zipangizo zofanana, ndi kukhala ndi ogulitsa ake m'matauni akutali. Zitatu zimenezi n'zomwe inadzalowa nazo m'bizinesi ya magalimoto.

Batire, nthunzi kapena petulo

Amene amaona magalimoto a batire ngati chinthu chobadwa dzulo amadabwa akamva kuti cha m'ma 1900 magalimoto ambiri m'misewu ya ku America sanali a petulo. Panali mitundu itatu yopikisana, ndipo uliwonse unali ndi vuto lake. Ya nthunzi inali ndi mphamvu, koma inkafuna kuti uyatse moto n'kudikira madzi awire, komanso kumwetsa madzi pafupipafupi. Ya petulo inkapita kutali, koma inali yaphokoso, yonunkha, ndipo kuiliza kwake kunali kozunguza handulo kutsogolo; injini ikabweza, handuloyo inkatha kuthyola munthu dzanja. Ya batire inali yachete, yaukhondo, yosavuta kuyendetsa, koma sinkathamanga, inkatha moto msanga, ndipo kunja kwa mizinda kunalibe magetsi otchajira.

M'banja la Studebaker, yemwe anakakamira za magalimoto anali Frederick Fish, loya yemwe anakwatira mwana wa John Mohler. Mdala John Mohler ankanyansidwa ndi magalimoto a petulo, motero kampaniyo inayamba ndi a batire mu 1902. Maonekedwe ake anali a ngolo yonyamula anthu yopanda hatchi, ndipo ankaiwongolera ndi chogwirira chachitali, osati chiwongolero chozungulira. Thomas Edison anali mmodzi mwa oyamba kugula. Kampaniyo inapitiriza kupanga magalimoto a batire mpaka 1912, koma onse pamodzi sanafike 2,000.

Petulo anapambana pa zifukwa zingapo zomwe zinagwera nthawi imodzi. Mu 1901 mafuta ochuluka anatumphuka pa chitsime cha Spindletop ku Texas, mtengo wa mafuta n'kutsika. Mu 1908 Henry Ford anatulutsa Model T, yomwe inayamba pa madola pafupifupi 850 n'kudzatsika mpaka pansi pa 300. Ndipo mu 1912 Cadillac inabwera ndi sitata yamagetsi yopangidwa ndi Charles Kettering, zozunguza handulo n'kuyamba kutha. Mwayi waukulu wa galimoto ya batire unali woti aliyense ankatha kuiliza mosavuta. Sitata itabwera, mwayiwo unapita. Zomwe zinatsala ndi mavuto ake awiri, kutalika kwa ulendo ndi kotchajira, omwe mpaka lero ndi omwe anthu amayamba kufunsa akafuna kugula galimoto yotere.

Kudziwa kugulitsa usanadziwe kupanga

Studebaker inkadziwa matabwa ndi zitsulo, koma injini ya petulo sinkaidziwa. Njira yomwe inatenga ndi yomwe makampani ambiri amatengabe: kugwirizana ndi wodziwa. Kuyambira 1904 inkagula injini ndi chimango kwa kampani ya Garford ya ku Ohio, n'kumavekapo bode lake ku South Bend. Mu 1908 inapangana ndi kampani ya ku Detroit yotchedwa E-M-F, dzina lochokera kwa eni ake atatu, Everitt, Metzger ndi Flanders, kuti izigulitsa magalimoto awo kudzera mwa ogulitsa ngolo ake. Mgwirizanowu unadzetsa mikangano mpaka ku khoti, ndipo mu 1910 Studebaker inangogula E-M-F yonse mothandizidwa ndi banki ya J. P. Morgan. Chaka chotsatira, 1911, kunabadwa Studebaker Corporation.

Magalimoto oyamba a E-M-F anali ndi mbiri yoipa. Anthu ankawanyoza kuti amafuna makaniko m'mawa uliwonse. Studebaker inatumiza amakaniko ake kwa eni magalimotowo kukasintha zipangizo zovutazo, zomwe zinaidyera madola pafupifupi 1 miliyoni. Kwa kampani yomwe dzina lake alimi ankalikhulupirira kwa zaka 60, kuteteza dzinalo kunali kofunika kuposa ndalamazo.

Ngolo ndi magalimoto zinayendera limodzi mpaka 1920, pomwe gawo la ngolo linagulitsidwa kwa kampani ya ku Louisville, ku Kentucky. Apa m'pofunika kuimapo pang'ono. Ku America kunali makampani a ngolo zikwizikwi, ndipo pafupifupi onse anafa galimoto itabwera. Studebaker ndiyo yaikulu yomwe inawoloka n'kukhala kampani yotchuka ya magalimoto. Choncho sitinganene kuti inagwa chifukwa chokana zatsopano. Mayeso amenewo inakhoza, ena ambiri akulephera.

Kudya mpamba, ndi tanthauzo la kulowa m'manja mwa khoti

Kuyambira 1915 kampaniyo inkatsogozedwa ndi Albert Russel Erskine, katswiri wowerengera ndalama, wosakhala wa m'banjamo. John Mohler, womaliza mwa abale asanu aja, anamwalira mu 1917. M'zaka za m'ma 1920 zinthu zinkayenda bwino, moti mu 1928 Studebaker inatenga kampani ya magalimoto apamwamba ya Pierce-Arrow.

Kampani yokhala ndi masheya ikapanga phindu, atsogoleri ake amasankha pakati pa zinthu ziwiri: kugawira eni masheya, kapena kusunga kuti agulire makina atsopano ndi kudzitetezera pa nyengo yovuta. Erskine ankakhulupirira kugawa kwambiri, pofuna kuti mtengo wa masheya ukhale wokwera. Chuma cha America chitagwa mu 1929, iye anayesa kuti vutolo ndi la kanthawi. Mu 1930 anagawira eni masheya ndalama zochuluka kasanu kuposa phindu la chaka chimenecho, ndipo mu 1931 anagawanso zoposa zomwe kampani inapeza. Ndalama zoterezi sizichokera kwina koma ku mpamba. Anayesa kutulutsa galimoto yotchipa ya Rockne, yotchedwa dzina la mphunzitsi wa timu ya mpira ya pa yunivesite ya Notre Dame, yomwe ili pafupi ndi South Bend, koma ogula anali atasowa. Anayesanso kutenga kampani ya malole ya White, yomwe inali ndi ndalama zosunga, koma ena mwa eni masheya a White anatsekereza. Mu March 1933 madzi anafika m'khosi: Studebaker inalephera kubweza ngongole za kubanki za madola pafupifupi 6 miliyoni, ndipo inalowa m'manja mwa khoti. Pa 1 July chaka chomwecho Erskine anadzipha.

Ambiri akamva kuti kampani yalowa m'manja mwa khoti amaganiza kuti basi yatha. Si choncho nthawi zonse. Pali kusiyana pakati pa kutseka kampani n'kugulitsa katundu wake kuti okongoza agawane, ndi kuiika m'manja mwa oyang'anira osankhidwa ndi khoti. Pa njira yachiwiriyi, okongoza amaimitsidwa kaye kuti asalande katundu, fakitale imapitiriza kugwira ntchito, ndipo oyang'anirawo amakambirana ndi okongoza za kubweza pang'onopang'ono kapena kusandutsa ngongole kukhala masheya. Ganizo lake ndi loti fakitale yoyenda ndi yamtengo kuposa makina ogulitsidwa limodzilimodzi. General Motors ndi Chrysler zinadutsa njira yofanana ndi imeneyi mu 2009, ngakhale malamulo anali atasintha ndipo boma linaikapo ndalama zake.

Mwa oyang'anira omwe khoti linasankha munali Paul Hoffman, yemwe anayamba ngati wogulitsa Studebaker ku Los Angeles, ndi Harold Vance, woyang'anira zopanga. Anasiya Pierce-Arrow, anathetsa Rockne, ndipo mu 1935 kampaniyo inatuluka m'manja mwa khoti ili moyo, chinthu chomwe makampani ambiri a magalimoto a nthawiyo sanachikwanitse. Mu 1939 anatulutsa Champion, galimoto yopepuka yosamwa mafuta ambiri, yomwe inagulidwa kwambiri. Hoffman ameneyu ndi yemwe mu 1948 anapatsidwa udindo woyendetsa thandizo la America lomanganso Ulaya, la Marshall Plan, ndipo mu 1966 anakhala mkulu woyamba wa UNDP.

Nkhondo ndi zaka za ulemerero

Pa nkhondo yachiwiri ya pa dziko lonse, fakitale ya South Bend inasiya magalimoto a anthu wamba. Inapanga malole a mtundu wa US6 pafupifupi 200,000, ndipo ambiri anatumizidwa ku Soviet Union, komwe ena anawaikapo zoponyera mizinga za Katyusha. Inapanganso injini zoposa 60,000 za ndege zankhondo za B-17.

Nkhondo itatha, anthu anali ndi ndalama koma magalimoto atsopano kunalibe, motero chilichonse chotuluka m'fakitale chinkagulidwa. Studebaker inapitirira anzake potulutsa galimoto ya maonekedwe atsopano, ya chaka cha 1947, yojambulidwa ndi gulu la Raymond Loewy. Ina mwa izo inali ndi galasi lakumbuyo lozungulira, moti anthu ankafunsana kuti kutsogolo kwake n'kuti. Mu 1950 kampaniyo inapanga magalimoto oposa 250,000, ndipo sinadzafikenso pamenepo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 magalimoto ake anayambanso kulumikizidwa ku Uitenhage, ku South Africa, tauni yomwe lero imatchedwa Kariega. Fakitale imeneyo inayamba kulumikizanso Volkswagen mu 1951, ndipo ndi yomweyo yomwe lero imatulutsa Polo.

Chiwerengero chomwe chimapha kampani yaing'ono

Apa ndi pagona nkhani. Popanga magalimoto pali ndalama za mitundu iwiri. Zina zimayenderana ndi galimoto iliyonse: chitsulo, matayala, galasi. Zina umalipira zomwezo kaya upange magalimoto khumi kapena miliyoni: nyumba za fakitale, akatswiri ojambula, otsatsa malonda, makamaka zikombole zazikulu zachitsulo zodindira zitseko, denga ndi boneti. Zikombolezi zimadya mamiliyoni, ndipo mukasintha maonekedwe a galimoto mumafunika zina. Ndiye pali chiwerengero cha magalimoto chomwe kampani iyenera kugulitsa pa chaka kuti ingobweza zomwe yawononga, isanaone phindu ndi pang'ono pomwe.

Dalaivala wa minibasi amazidziwa izi. Ndalama ya bwana ya tsikulo ndi mafuta a ulendo sizisintha kaya mwakwera anthu asanu kapena mwadzaza. Okwera oyambawo amangolipira zimenezi. Phindu limayamba ndi omalizirawo. Akachepa atatu okha pa ulendo uliwonse, tsiku lonse wagwirira pachabe.

General Motors, Ford ndi Chrysler zinkagawa mtengo wa zikombole pa magalimoto mamiliyoni. Studebaker inkaugawa pa zikwi mazana awiri kapena atatu. Pamene ogula ankalimbirana magalimoto, kusiyanaku kunkabisika. Koma mu 1953 Ford, pofuna kupitirira Chevrolet ya General Motors, inayamba kuthira magalimoto ochuluka kwa ogulitsa ake, iwo n'kumatsitsa mitengo kuti awachotse. Chevrolet inabwezera chimodzimodzi. Awiriwa sanapwetekane kwenikweni. Opwetekeka anali makampani aang'ono omwe sakanatha kutsitsa mitengo choncho. Chaka chomwecho Studebaker inali itatulutsa Starliner, yomwe ambiri amaiika m'gulu la magalimoto okongola kwambiri omwe America inapangapo, koma inachedwa kutuluka m'fakitale chifukwa cha mavuto a zikombole, ndipo yomwe anthu ankaifuna si yomwe kampani inakonzekera kupanga yambiri.

Panalinso zina zokweza chiwerengero chija. Nyumba za ku South Bend zinali zakale, zosanjikizana, zina zochokera ku nthawi ya ngolo, ndipo bode la galimoto linkayenda ulendo wautali kukwera ndi kutsika lisanathe, pamene anzawo anali ndi mafakitale atsopano a pansi pokhapokha. Kampaniyo inkanyadiranso ubale wake ndi antchito. Inavomereza bungwe lawo la UAW mu 1937 popanda sitiraka, ndipo inkatsatsa malonda ndi zithunzi za bambo ndi mwana wake akugwira ntchito limodzi. Kupewa sitiraka kunkatanthauza kuvomera malipiro okwera ndiponso anthu ambiri pa ntchito imodzi kusiyana ndi ku makampani akuluakulu a ku Detroit.

Makampani aang'ono anathamangira kuphatikizana. Kaiser inatenga Willys mu 1953, Nash ndi Hudson zinapanga American Motors mu 1954, ndipo chaka chomwecho Packard ndi Studebaker zinakhala kampani imodzi. George Mason wa ku Nash ankafuna kuti Nash, Hudson, Packard ndi Studebaker zikhale pamodzi kuti zifanane mphamvu ndi akuluakulu atatu aja, koma anamwalira mu October 1954, ndipo wolowa m'malo mwake, George Romney, sanafune. A Packard anasayina asanafufuze bwino mabuku a mnzawoyo. Atawatsegula anapeza kuti Studebaker inkafunika kugulitsa magalimoto pafupifupi 282,000 pa chaka kuti ingobweza zowonongedwa, osati 165,000 monga ankaganizira. Packard ndiyo inayamba kufa: fakitale yake ya ku Detroit inatsekedwa mu 1956, dzina lake n'kutha mu 1958.

Studebaker inapumako mu 1959 ndi Lark, galimoto yaing'ono yomwe inapangidwa mochenjera podula kutsogolo ndi kumbuyo kwa bode lakale kuti asagule zikombole zambiri. Inabweretsa phindu chifukwa akuluakulu aja analibe yofanana nayo. Chaka chotsatira onse atatu anatulutsa zawo, Falcon, Corvair ndi Valiant, msika n'kuphwa. Sherwood Egbert, yemwe anatenga utsogoleri mu 1961, anayesa ndi Avanti, galimoto yothamanga ya bode la pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, koma kupanga mabodewo kunavuta ndipo zomwe zinatuluka sizinafike 5,000. Pa 9 December 1963 kampaniyo inalengeza kuti ikutseka fakitale ya South Bend, ndipo galimoto yomaliza inatuluka pa 20 December, kutatsala masiku asanu kuti ifike Khirisimasi. Anthu pafupifupi 7,000 ntchito inawathera, mu mzinda wa anthu pafupifupi 130,000. Fakitale yaing'ono ya ku Hamilton, ku Canada, inapitiriza mpaka March 1966.

Kampani yeniyeniyo sinafe tsiku limenelo. Atsogoleri ake anali atagula kale mabizinesi ena, monga STP ya mafuta othira mu injini ndi Onan ya majenereta, ndipo zimenezi zinkapindula. Mu 1967 inaphatikizana ndi Worthington, ndipo mu 1979 inamezedwa ndi McGraw-Edison.

Penshoni yolonjezedwa ndi penshoni yosungidwa

Chomwe dzina la Studebaker limakumbukiridwa nacho kwa akatswiri a malamulo a ntchito si galimoto ayi, koma penshoni.

Penshoni ya pantchito ili mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi woti wantchito ndi bwana amasonkha mwezi ndi mwezi mu akaunti ya munthuyo, ndipo zomwe adzalandire ndi zomwe zasonkhedwazo pamodzi ndi phindu lake. Umu ndi momwe lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2011 linakhazikitsira kwa olembedwa ntchito ambiri: bwana 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Mtundu winawo ndi wa lonjezo: kampani imanena kuti ukagwira zaka zakutizakuti udzalandira ndalama yakutiyakuti mwezi uliwonse mpaka imfa, ndipo imaika ndalama m'thumba limodzi la onse kuti idzakwaniritsire lonjezolo. Ya ku Studebaker inali ya mtundu wachiwiriwu.

Thumbalo linakhazikitsidwa mu 1950 pa mgwirizano ndi UAW. Vuto linabadwa tsiku loyamba lomwelo, ngakhale linabadwa ndi cholinga chabwino. Antchito anawerengeredwa zaka zomwe anali atagwira kale thumbalo lisanakhaleko, kuti okalamba asapite kwawo chimanjamanja. Motero thumbalo linayamba lili ndi ngongole, yomwe kampani inalonjeza kuikwirira pang'onopang'ono kwa zaka 30. Nthawi iliyonse penshoni ikakwezedwa pa zokambirana, ngongoleyo inkakulanso. Kampani ikakhalapo zaka zonsezo, palibe vuto. Ikatseka pakati pa ulendo, m'thumba mumapezeka zochepa kuposa zolonjezedwa.

Fakitale itatsekedwa, ndalamazo zinagawidwa motsata msinkhu. Anthu pafupifupi 3,600, opuma kale ndi omwe anali atafika zaka 60, analandira penshoni yawo yonse. Ena pafupifupi 4,000, a zaka 40 mpaka 59 omwe anali atagwira zaka khumi kapena kuposerapo, analandira ndalama ya kamodzi yokwana pafupifupi masenti 15 pa dola iliyonse yomwe ankayembekezera. Otsala pafupifupi 2,900 sanalandire kanthu. Gulu lapakatilo ndi lomvetsa chisoni kwambiri: ambiri anali a zaka za m'ma 50, atapereka zaka zoposa 20 ku fakitale imodzi, okula kwambiri kuti alembedwe kwina koma osafika pa msinkhu wopuma. Ndipo chopweteka n'chakuti palibe lamulo lomwe linaphwanyidwa. Mgwirizano unkakakamiza kampani kusonkha m'thumba, osati kudzaza thumbalo ikamatseka.

Nkhaniyi inamveka dziko lonse la America, ndipo UAW pamodzi ndi aphungu monga Jacob Javits anaigwiritsa ntchito pomenyera lamulo latsopano. Zinatenga zaka zoposa khumi. Pa 2 September 1974 Pulezidenti Gerald Ford anasayina lamulo lodziwika ndi dzina lakuti ERISA. Lamuloli linaika mlingo wa ndalama zomwe kampani iyenera kuika m'thumba, linanena zaka zomwe munthu akagwira ufulu wake wa penshoni sungalandidwenso, ndipo linakhazikitsa bungwe la PBGC, lomwe limatolera ndalama za inshuwalansi ku makampani n'kulipira antchito, mpaka pa mlingo woikika, ngati thumba lawo lagwa. Antchito a Studebaker sanapindule nalo, chifukwa silinabwerere m'mbuyo.

Zomwe anthu akutsutsanabe

Olemba mbiri sagwirizana pa tsiku lomwe Studebaker inayamba kufa. Ena amaloza ndalama zomwe zinagawidwa kwa eni masheya, nthawi ya Erskine komanso nkhondo itatha, m'malo momanga fakitale yamakono. Ena amaloza malipiro ndi kuchuluka kwa antchito, pomwe a mbali ya antchito amayankha kuti osayina mapanganowo ndiponso osankha mtundu wa galimoto yopanga anali mabwana. Enanso amati zonsezi n'zongowonjezera, chifukwa palibe kampani yaing'ono ikanapirira mpikisano wa mitengo wa 1953. Koma American Motors inapirira mpaka 1987 pomwe Chrysler inaigula, ndiye kodi kuchepa pakokha kunali chilango cha imfa? Nanga maloto a George Mason akanatheka, makampani anayi odwala akanachizana kapena akanapatsirana matenda?

Palinso funso la chilungamo pa kutsekako. Atsogoleri omwe anasamutsira ndalama ku mabizinesi ena anapulumutsa eni masheya, ndipo pa lamulo umenewo unali udindo wawo. Kodi kampani yomwe inapitiriza kupeza phindu kwina inali ndi ngongole kwa anthu 4,000 aja, ngakhale pepala silinkatero? Za ERISA nazonso sizinathe. Lamuloli linateteza penshoni ya lonjezo, koma m'zaka zotsatira makampani ambiri a ku America anaisiya n'kupita ku ya akaunti ya munthu payekha, komwe misika ikagwa wotaya ndi wantchito. Akatswiri amatsutsana ngati kukhwima kwa lamulo kunathandizira kusamukako, kapena kukanachitikabe.

Funso lomaliza likukhudza makampani a lero. Kusintha kuchoka pa petulo kupita pa batire kukufuna mafakitale atsopano ndi ndalama zochuluka zedi kampani isanagulitse galimoto ngakhale imodzi, zomwe zikukweza chiwerengero chomwe iyenera kugulitsa kuti ingobweza zowonongedwa. Nthawi yomweyo ku China kuli mpikisano wotsitsa mitengo pakati pa makampani ambirimbiri. Ndi angati mwa iwo, akale ndi atsopano omwe, adzafike pa chiwerengero chimenecho, ndipo omwe adzalephere adzasiya chiyani m'matumba a penshoni a antchito awo?